Mmene a Gwaza Anasiyira Kukhoma Zitini

Amene anawononga atsibweni anga, a Filimoni Gwaza, ndi a Lameki Dzonzi, kalaliki wa pawindo lachiwiri ku ofesi ya boma, kutsidya kwa mlatho. Sanawamenye, sanawatukwane. Anangowauza bodza limodzi, mwaulemu, magalasi ali pamphuno, ndipo bodza limenelo linawakhazika pakhonde manja ali pamiyendo chaka ndi theka, mpaka tsiku limene tinawanyamula. Papita masabata asanu tiwaikire m'manda kumudzi, ndipo anthu ayamba kale kunena kuti chinawapha ndi chilonda cha mwendo. Chilondacho anakhala nacho zaka khumi ndi ziwiri akuseka. Ine ndinalipo, ndiye mundilole ndinene zimene ndinaona.

A Gwaza anali alongo awo a amayi anga, oyamba kubadwa. Ndiwo ananditenga nditachotsedwa sukulu ndili Sitandade 4 chifukwa chomenya mwana wa aphunzitsi, n'kundipezera ntchito yonyamula matumba m'sitolo ya a Yusufu, mmwenye wopikulitsa mchere, sopo ndi palafini. Iwo ankakhala pakhonde la sitolo yomweyo, kumapeto kwenikweni, akukhoma zitini.

Aliyense amene anabwerapo muno mu Lilongwe kudzagula ngakhale singano anawamva a Gwaza, kaya anawaona kaya ayi. Nyundo yawo inkamveka kuyambira kumsika mpaka pamlatho. Madebe a palafini akatha m'sitolo ankawadula n'kupanga ndowa, mbaula, nyali za koloboyi ndi timakapu toyezera mchere. Ankakhomera pa kachidutswa ka njanji kamene anakatenga ku Salima ali mnyamata, ndipo pa kachitsulo kameneko panalibe wololedwa kukhalapo. Wapolisi wina anayesapo kuikapo phazi kuti amange chingwe cha jombo, atsibweni anamuuza kuti pamene wapondapo ndi pamene iwo amadyera. Wapolisiyo anachotsa phazi.

Ndowa sinkachoka pakhondepo isanayesedwe. Ankaithira madzi mpaka pakamwa n'kuiimika pasimenti pouma, wogula azidikira mpaka iwo atatha ndudu imodzi ya chingambwe. Kakaoneka kadontho ankataya madziwo n'kuyambiranso, ngakhale wogulayo alire kuti lole ya kumudzi ikumusiya. Ankati ndowa yodontha imakatukwana amene anaipanga pachitsime m'mawa uliwonse pamaso pa amayi, ndiye iwo sangalole kutukwanidwa m'midzi imene sanafikeko n'komwe.

Ndi a Saidi, telala wa pakhonde lomwelo, ankakangana tsiku lililonse limene Mulungu analenga. A Saidi ankati phokoso la zitini lawagonthetsa khutu lakumanzere ndipo tsiku lina adzakasuma. Atsibweni ankayankha kuti tsopano amvetsa chifukwa chake malaya onse a a Saidi mkono wakumanzere umatalika. Ankakangana za mthunzi, za madzi otayikira pafupi ndi nsalu, za amene wayamba kumera imvi. Koma Lachisanu masana a Saidi ndi a Yusufu akalowa mumzikiti, umene uli pafupi pomwepo, nyundo inkakhala chete mpaka atatuluka. Ukawafunsa, ankati si ulemu ayi, mkono ndiwo watopa. Iwo anali a tchalitchi, oyimba besi, mawu ochokera pansi pa mimba.

Sanali munthu wamantha. Ichi ndikufuna chimveke ndisanapitirire.

Mwendo wawo wakumanja unaphwanyika pantchito ya boma. Nthawi ina malonda a zitini atafooka analowa gulu lokonza msewu, ndipo mgolo wa phula unatsetsereka palole n'kuwagwera pansi pa bondo. Fupa linalumikizana mopotoka, pamsongolo n'kutsala chilonda chimene chinkatseka nthawi yadzuwa n'kutsegukanso mvula ikayamba. Ankayenda ndi ndodo, ndipo kuchoka kunyumba kukafika pakhonde ankapuma katatu. Koma chimene chinawapititsa ku boma si mwendo wokha. M'maso munali mutayamba chifunga, ndipo ankadziwa kuti pakatha zaka ziwiri kapena zitatu sadzaonanso pamene mtovu ukuyenda. Mkulu wina wa mpingo anawauza kuti munthu amene analumala pantchito ya boma akhoza kulembetsa kuti azilandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Iwo ankafuna kubwerera kumudzi ali ndi chinthu chotero m'manja, kuti asakakhale mtolo pamutu pa alongo awo.

Pepala loyamba linakanidwa, ndipo ndifotokoza mmene linakanidwira. Lachiwiri analembetsa kwa a Dzonzi, nadindapo chala. Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse ankawoloka mlatho, kukwera kamtunda kaja kopita ku boma, n'kukakhala pabenchi kudikira yankho. Lolemba lina kunali matope, ndiye ndinawaperekeza. A Dzonzi sanatiitanire pawindo. Anatuluka okha, natitengera kuseri kwa ofesi, nayankhula motsitsa mawu ngati munthu wotichitira chifundo. Anati pepala lapita ku Zomba, ndipo mwina lipitirira mpaka ku Halale, poti masiku ano a boma la Chitaganya nkhani zokhudza chipatala zimaweruzidwa kutali. Anati kubwerabwera kumakwiyitsa azungu, yankho likafika mesenjala adzabwera nalo kusitolo kwa a Yusufu. Kenaka anayang'ana uku ndi uku.

"Koma bambo, ndikuuzeni ngati mwana wanu. Munthu akalembetsa kachiwiri, boma limatumiza womuyang'anira. Simungamudziwe. Akhoza kubwera ngati wogula, akhoza kungodutsa. Akakupezani mukugwira ntchito ndiye kuti mwanamiza boma, ndipo wonamiza boma malo ake ndi kundende."

Atsibweni anavula chipewa, nawomba m'manja, nathokoza kuti awachenjeza. Mawa lake anakulunga nyundo, lumo la malata ndi chowotcherera mtovu m'thumba la mchere, namanga ndi luzi, nandiuza kuti ndikaike kudenga.

Muyenera kudziwa kuti chinali chaka chimene malole a boma ankabwera m'bandakucha kudzatenga anthu m'nyumba. Munthu amene dzulo munamwa naye thobwa, lero palibe akudziwa kumene ali, ndipo mkazi wake sakufuna kuti mumupatse moni pagulu. Aliyense ankadziwa kuti m'tauni muli azondi, koma palibe ankadziwa nkhope zawo. Bodza la a Dzonzi linagwera panthaka yonyowa kale.

Pakhonde sanasiye kupita. Ankati kukhala kunyumba kuoneka ngati kubisala, komanso mesenjala angawaphonye. Ndiye m'mawa uliwonse ankayenda ulendo uja wopuma katatu n'kukakhala pampando wawo osachita kanthu. Munthu amene zaka zonse ankabisa chilonda m'thalauza lalitali, tsopano ankapinda thalauzalo mpaka m'bondo n'kutambasula mwendo kuti wodutsa aliyense aone. Ntchentche zinkatera, iwo n'kumazisiya.

Amayi ankabwera ndi ndowa zobooka, iwo n'kumawalozera kwa mmisiri wina wa kumsika amene kale ankati ntchito yake ndi yomata ndi malovu. Ndikamadutsa ndi thumba pamsana ndinkaona zala zawo zikugogoda pabondo, katatu pang'onopang'ono, kamodzi mwamphamvu, monga mmene ankapindira mlomo wa ndowa. Akazindikira kuti zala zikuyenda ankaziphimba ndi chipewa.

Mlendo aliyense anasanduka mzondi. Bambo wina anaima kutsidya kwa msewu masiku awiri akudya nzimbe, akuyang'ana kumbali ya sitolo. Atsibweni masiku awiriwo sanadye. Ndinapita kukamufunsa, anali munthu wodikira lole ya ku Dowa imene inawonongeka. Nditawauza, anati mzondi angakuuze kuti ndine mzondi? Loweruka lililonse a Dzonzi ankabwera kudzagula shuga kwa a Yusufu. Ankawaona atakhala chomwecho, manja pamiyendo, mwendo pamtunda, ndipo ankavula chipewa n'kunena kuti pirirani bambo, layandikira. Atsibweni ankayesa kuimirira kuti awapatse ulemu.

Tsiku limene ndinadziwa kuti munthu uja watha linali la dona wa keni. Mzungu wamkazi wa kumayadi, kuseri kwa boma, anaimika kagalimoto kake kutsogolo kwa sitolo atanyamula keni yothirira maluwa imene mlomo wake unaguluka. Khukhi wake anali atamuuza kuti pakhonde la a Yusufu pali mmisiri amene ntchito yake sidontha. Anafunsa m'sitolo, a Yusufu naloza. Ine ndinali pakhomo, thumba la mchere lili paphewa. Donayo anaika keniyo pamapazi pa atsibweni n'kufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka ngati ikhoza kutha lero.

Atsibweni sanaigwire. Anayang'ana keni, anayang'ana galimoto, anayang'ana m'manja mwa donayo ngati muli pensulo.

"Ine sindidziwa ntchito imeneyi, dona."

Donayo analoza kachitsulo ka njanji ndi tizidutswa ta malata timene tinali pansi.

"Za mwini wake zimenezo, anachoka. Ine ndine wolumala chabe."

Makina a a Saidi anaima. Donayo anayang'ana mwendo uja, napisa m'kachikwama kake, naponya kobiri m'chipewa chimene chinali pabondo pawo, natenga keni yake n'kumapita. Anawayesa wopemphapempha. Ndipo iwo anawomba m'manja.

Galimoto itapita anandiitana ndi chala. Anandifunsa ngati nambala ya galimotoyo inali ya boma, ndiponso ngati donayo analemba kanthu atakhala m'kati. Ndinati ayi. Kenaka anati mlomo wa keni uja umangofuna kadontho kamodzi ka mtovu, ntchito yoti tiyi asanazizire yatha.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinakwera kudenga ndi kutsitsa thumba lija. Ndinatulutsa nyundo, ndinatenga debe, n'kuyamba kulimenya pabwalo ndi mphamvu zanga zonse, ndikukuwa kuti amene akufuna kumanga munthu abwere amange ine. Oyandikana nawo analowetsa ana m'nyumba. Atsibweni anatuluka opanda ndodo, anagwa pakhomo, nakwawa mpaka kundigwira mwendo.

"Wedisoni, mphwanga, ukufuna ndikafere kundende ndi mwendo uwu?"

Ndinawayankha mawu amene sindidzawaiwala mpaka nanenso adzandifotsere. Ndinati ndinu nkhuku, ndipo amayi akanadziwa kuti ananditumiza kwa nkhuku sakananditumiza. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Anangogwirabe mwendo wanga mpaka ndinalumbira m'dzina la amayi kuti iwo ali moyo sindidzakhudza nyundoyo, ndipo sindidzaponda ku boma kukafunsa kanthu. Ankadziwa mkamwa mwanga. Ankati ndikakangotsegula pakamwa kumeneko, pepala ling'ambidwa ine n'kukwezedwa lole.

Ndinawanena kuti nkhuku, koma inenso ndinali ndi mantha omwewo. Galimoto ikachepetsa liwiro pafupi ndi nyumba, ndinkathamangira kukasuzumira pakhomo. Nanenso ndinayamba kuwerenga nkhope za anthu. Tsiku lina ndinagwira munthu pakhosi pa malaya chifukwa anadutsa pakhonde katatu, ndikumufunsa amene wamutuma. Anali wogulitsa mphasa. A Yusufu anandiuza kuti ndikadzachitanso ntchito yatha, ndipo akundisiya chifukwa cha a Gwaza basi.

Anthu amandifunsa kuti munthu wanzeru ngati ameneyo anakhulupirira bwanji zinthu zotero. Yankho lili pa pepala loyamba lija, pa tsiku limene anaitanidwa kuchipatala kuti dokotala wa boma akaone mwendo.

Tsikulo anadzuka m'mamawa, nasamba, nameta ndevu. Chilonda anachimanga zolimba ndi nsalu yatsopano, navala thalauza lalitali ndi jekete ya kutchalitchi. Anali atabwereka nsapato kwa a Saidi, ndipo phazi lotupa lija analikanikizira m'menemo mano atakukuta. Ndinawauza kuti pitani mmene mumakhalira masiku onse, akaone zenizeni. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati munthu sapita kwa akuluakulu akununkha, ndipo ngati ine kusukulu sanandiphunzitse zimenezo ndiye bwino anandichotsa.

Titafika pakhomo la chipinda cha dokotala, anayedzamiritsa ndodo pakhoma panja. Ndinawanong'oneza kuti itengeni. Anati m'nyumba ya wamkulu salowa ndi ndodo, si kunkhondo kuno. Analowa okha, masitepe asanu, msana uli chilili, osatsimphina ngakhale pang'ono. Ine ndinali pambuyo ndikuona thukuta likuboola jekete.

Dokotalayo anali mzungu wachinyamata, wotopa, panja pali mzere wautali. Anawalozera mpando. Atsibweni anakana kukhala poti bwanayo anali ataima. Dokotalayo anafunsa kudzera mwa womasulira ngati mwendo umapweteka. Anayankha kuti pang'ono, mwamuna amapirira. Dokotalayo anati aone. M'chipindamo munali namwino, mtsikana wa msinkhu woti n'kukhala mwana wawo, ndiye iwo anangokweza thalauza mpaka pakakolo n'kulisiya. Dokotalayo anaona nsapato yopukutidwa bwino ndi kansalu koyera, nalemba mizere iwiri, naitana wina.

Titatuluka anafika pamtengo woyamba n'kugwa. Nsapato inali itadzaza magazi ndi mafinya, ndipo tinachita kuidula ndi mpeni kuti phazi lituluke. A Saidi nkhani ya nsapatoyo sanaitchulepo ngakhale kamodzi pa mikangano yawo yonse. Koma atsibweni atatsitsimuka anali okondwa. Anati sanachititse manyazi mtundu wawo pamaso pa mzungu.

Patapita miyezi itatu a Dzonzi anawawerengera yankho pawindo, anthu a pabenchi akumva. Linati munthuyu amayenda bwino ndipo akhoza kugwira ntchito iliyonse. Kuyambira tsiku limenelo atsibweni ankakhulupirira kuti m'buku la boma muli a Gwaza awiri, wina woyenda chilili, wina wodandaula kuti ndi wolumala, ndipo boma likudziwa kuti mmodzi mwa awiriwa ndi wabodza. Ndiye pamene a Dzonzi anadzanena za munthu wowayang'anira, iwo sanadabwe. Anaona kuti n'zoyenera.

Mvula yachiwiri itayamba chilonda chinakula mpaka kumbuyo kwa mwendo. Kuchipatala anakaniratu. Ankati akakumana ndi dokotala yemwe uja adzawakumbukira kuti ankayenda, ndipo adzati mwendowu auwononga dala kuti adye za boma. Thupi lozolowera ntchito likakhala limafota msanga. Mikono ija inatsala mafupa. Kutchalitchi ankangotsegula pakamwa, besi osatuluka. A Saidi ankawaputa dala, za imvi, za mthunzi, za mapemphero, ndipo ankati akayankhidwa ankabwera kudzandiuza ngati nkhani yabwino.

Lachitatu lina masana a Saidi anawaputa kawiri osayankhidwa. Atatembenuka anapeza atapendekera kukhoma, maso ali gwa. Tinawanyamula kupita nawo kunyumba pachitseko chakale cha m'sitolo, ine, a Saidi ndi anzanga awiri onyamula matumba. Tili panjira anatsitsimuka, nandifunsa ngati anthu akuona. Ndinati msewu wonse ukuona. Anati zili bwino, ngati wondiyang'anira uja alipo akanene kuti sindinama. Anakhala masiku awiri n'kumwalira. Chomaliza chimene anandiuza n'chakuti mesenjala akabwera ndi kalata ndidzailandire ndi manja awiri, ndisadzachite zanga zija. A Yusufu anapereka lole ndi nsalu. A Saidi anakwera nafe mpaka kumudzi, nakhala pamaliro a chikhristu masiku onse, osadya kanthu koma mtedza wa m'thumba mwawo.

Mesenjala anabweradi, sabata yachitatu tiwaikire m'manda, koma wopanda kalata. Anali a Bizaliele, a mpingo wathu womwewo, amene amasesa ndi kunyamula mapepala mu ofesi ya a Dzonzi. Anazungulira m'sitolo nthawi yaitali ngati akufuna sopo, kenaka anandiitanira kuseri kumene timaunjika madebe. Anati sakugona tulo. Anati pepala la a Gwaza silinapite ku Zomba, silinapite kulikonse. Lili m'kabati yapansi ya tebulo la a Dzonzi, pansi pa chitini cha shuga, chala chija chili pomwepo. Bwana wa mu ofesimo anali atawagendapo a Dzonzi ndi mapepala kumaso, anthu akuona, chifukwa chobweretsanso nkhani imene inakanidwa kale, ndipo anati akadzachitanso adzatuluka m'nyumba ya boma ndi ana awo asanu ndi awiri. Ndiye pepala la atsibweni analiopa kulowa nalo. Kenaka bwanayo anafunsa kuti kodi nkhalamba imene imakhala pabenchi Lolemba lililonse ikufuna chiyani. Tsiku lomwelo ndi limene a Dzonzi anatitengera kuseri kuja. Munthu wowayang'anira kunalibe. Sanakhaleko n'kale lonse.

Ndinafunsa a Bizaliele kuti adziwa liti. Anati chaka chapita. Dzanja langa linakwera lokha. Iwo sanabwerere m'mbuyo, anangotseka maso. Ndinamenya debe limene linali pambali mpaka chala chinatupa.

Masabata awiri ndinkangoyenda nazo m'mimba. Ndikatuluka ndi thumba ndimadutsa pamalo paja. Kachitsulo ka njanji kakadali pomwepo, kachita dzimbiri pamwamba pamene kale pankanyezimira. Pasimenti pali mizere yozungulira yambirimbiri, yolowanalowana, ya ndowa zonse zimene zinayesedwapo. Pakhoma pali banga lakuda pamene mutu wawo unkatsamira, ndipo silinalipo nthawi imene ankagwira ntchito, poti pamenepo mutu unkakhala woweramira kutsogolo. Wosoka nsapato wina anapempha malowo, a Yusufu anati adikire. A Saidi dzuwa lamadzulo limawaotcha pamene ali, kumapetoko kuli mthunzi umene anaukanganira zaka khumi, koma makina awo sanawasunthe ngakhale phazi limodzi. Amayi a kumidzi yakutali, amene sanamve, akubwerabe ndi ndowa. Amaima, amayang'ana mpando, n'kufunsa kuti abambo aja abwera nthawi yanji.

Lumbiro langa losaponda ku boma linali lakuti atsibweni ali moyo. Lolemba lapitali ndinapempha a Yusufu kuti ndichoke m'mawa. Mpeni wanga ndinasiya kwa a Saidi, chifukwa ndimawadziwa manja angawa, ndipo ndinawauza kuti dzuwa likapendeka ndisanabwere atumize uthenga kwa amayi. Anandigwira mkono.

Ndinawoloka mlatho. Pachipata cha boma panali wapolisi ndi mfuti, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera. Ndinakhala pabenchi pakati pa mayi wa mwana kumbuyo ndi nkhalamba ina yosaona imene inagwira kapepala ndi manja awiri. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Mawu onse amene ndinakonza masabata awiri, matukwano onse, anathawa.

Nthawi yanga itakwana ndinaima pawindo lachiwiri. A Dzonzi anakweza mutu, nandizindikira, navula magalasi. Chitseko cha bwana chinali chotsegula kumbuyo kwawo, ndipo anachiyang'ana kaye asanayambe kunena kuti pepani, anamva za zovutazo, anali munthu wabwino. Sindinakuwe. Mawu anatuluka aang'ono, koma benchi yonse inamva.

"A Dzonzi, musavutike kutsegula kabati yapansiyo, ndikudziwa chimene chili m'menemo. Ndangobwera kudzakuuzani kuti a Gwaza anakumverani. Chaka ndi theka sanakhudze nyundo. Tsopano muitaneni munthu wanu wowayang'anira uja abwerere, ntchito yake waimaliza."